Mlonda wa oyilo pa injini ya boti

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Niassa tili ndi minda iwiri. Munda wina ndi wa kumtunda, mmene timalima chinangwa, chimanga ndi mpunga. Munda wina ndi nyanja yeniyeniyo, mmene timakolola usipa, utaka, chambo ndi kampango. Masiku ano pa magombe a Metangula, Cóbuè ndi Meluluca, ndiponso ku Cahora Bassa ndi mumtsinje wa Zambezi, maboti ambiri ali ndi injini yokoleka kumbuyo. Usiku injini imeneyi imapita ndi asodzi kukaponya chilimira. Masana imanyamula matumba a chimanga ndi nsomba zouma kupita nazo kumsika. Mayi wapakati akavutika, ndi injini yomweyi imene imamufikitsa kuchipatala.

Injini ndi chinthu chodula. Gulu la asodzi limasonkha ndalama nyengo zingapo kuti ligule imodzi. Koma injini yomweyo ikhoza kufa pa mphindi zowerengeka chabe ngati oyilo wasowa mkati mwake. N'chifukwa chake opanga injini anaikamo kachida kolondera oyilo. Amakanika amakatcha sensa. Ife m'phunziro lino tizikatchanso mlonda, pakuti ntchito yake ndi yofanana ndi ya munthu wokhala pa chilindo m'munda. Iye salima, sakolola, koma anyani akalowa m'chimanga amakuwa.

Tsono mlonda nayenso amakalamba. Nthawi zina amakuwa pamene m'munda mulibe nyani. Nthawi zina amagona anyani akudya. Tiyeni tiphunzire kudziwa ngati mlonda wathu akunena zoona kapena akunama.

Ntchito ya oyilo

Mkati mwa injini muli zitsulo zokhudzana zimene zimayenda mofulumira zedi. Injini ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse, pisitoni imakwera ndi kutsika maulendo 5000 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Makolo athu ankapeka moto ndi timitengo tiwiri touma. Zitsulo ziwiri zouma zikamakhudzana mothamanga chotero zimatenthanso, zimafufuma, kenaka zimagwirana. Pamenepo timati injini yanoka. Oyilo amalowa pakati pa zitsulozo kuti zisakhudzane, ndipo amachotsako kutentha.

Injini za maboti zili mitundu iwiri, ndipo aliyense ayenera kudziwa mtundu wa injini yake. Pa Chipwitikizi amati dois tempos ndi quatro tempos. Pa mabotolo a oyilo amalemba mwachidule kuti 2T ndi 4T.

Injini ya 4T imasunga oyilo wake m'mimba mwake, monga galimoto. Mkatimo muli pampu imene imakankha oyilo m'tinjira ting'onoting'ono, monga madzi amayendera m'ngalande za kudimba. Oyiloyo amazungulira n'kubwerera pamalo pake. Sapsa pamodzi ndi petulo.

Injini ya 2T imatentha oyilo pamodzi ndi petulo. N'chifukwa chake imatulutsa kautsi kobiriwira. Injini zambiri za mtundu umenewu, monga Yamaha Enduro za akavalo 15 ndi 40, zimafuna kuti mwini asakanize yekha oyilo ndi petulo m'thanki. Injini zotere zilibe mlonda wa oyilo ayi. Mlonda wake ndinu amene mukusakaniza. Koma zilipo injini zina za 2T zimene zili ndi kathanki ka oyilo kapadera, ndi kapampu kamene kamathira oyilo m'injini pang'onopang'ono. Zimenezi zili naye mlonda.

Mlonda amagwira ntchito bwanji?

Pa injini ya 4T mlonda ndi kachitsulo kaching'ono ngati chala chachikulu cha kudzanja, komangidwa pa thupi la injini, kawirikawiri pafupi ndi sefa ya oyilo. Pa injini zing'onozing'ono kali ndi waya mmodzi yekha. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala ndi kasipuling'i. Injini ikakhala yozima, oyilo sakankha, ndipo magetsi amadutsa kuchokera pa waya kupita ku thupi la injini. Kanyali kochenjeza kamayaka. Injini ikalira, oyilo amakankha kachikopa kaja, njira ya magetsi imaduka, kanyali n'kuzima. Mphamvu ya kukankhayi amakanika amati puresha. Mlonda wa 4T sayang'ana kuchuluka kwa oyilo. Iye amangomva puresha basi.

Pa injini ya 2T ya kathanki mlonda ndi wa mtundu wina. M'kathanki muja muli kandodo koimirira, ndipo pa kandodoko pamayenda kachoyandama konga kamene timamanga pa chingwe cha mbedza. Kachoyandamako kali ndi kamaginito. Oyilo akachepa, kachoyandama kamatsika, kamaginito n'kufika pamene pali swichi yobisika m'kandodo, ndipo belu limalira. Mlonda uyu amangodziwa kuti m'kathanki muli oyilo kapena mulibe. Zoti oyiloyo akufika m'injini, pa injini zambiri iye sadziwa.

Pa injini zambiri mlonda sangokuwa chabe. Amagwiranso injini pakhosi kuti isathamange. Pa injini za Yamaha liwiro limatsika kufika pafupifupi maulendo 2000 pa mphindi, ndipo ngakhale mupotokole chogwirira mpaka kumapeto, injini imangonjenjemera osathamanga. Anthu ambiri akaona zimenezi amayamba kusintha mapulagi ndi kutsuka kabuleta, kuganiza kuti injini yatha mphamvu. Chonsecho injini ikungodziteteza.

Dziwaninso mtundu wa kanyali ka injini yanu. Pa injini zambiri kanyali kofiira kakayaka ndiye kuti pali vuto. Koma pa injini za Honda pali kanyali kobiriwira kamene kamayaka oyilo akamayenda bwino, ndipo kakazima ndiye vutolo. Woyendetsa wozolowera injini ina akhoza kusokonezeka.

Belu likalira muli panyanja

Pamenepa ndi pamene injini zambiri zimafera. Belu lalira, usipa uli m'boti, msika ukudikira. Wina m'botimo amati: "Aa, kabelu aka n'kabodza, dzulo kanaliranso. Ingodulani kawayako, tizipita!" Anzathu, kudula waya sikuthira oyilo m'injini. Kuli ngati kumanga mlonda pakamwa kuti mugone bwino. Belu lililonse tiyenera kuliyesa loona mpaka titapeza umboni wakuti likunama.

Choyamba chepetsani moto ndi kuchotsa giya. Musanazimitse, chewukani kumbuyo kwa injini, muone kamadzi kamene kamathovoka pansi pa chivundikiro, kamene asodzi amati injini ikukodza. Tikutero chifukwa belu ndi limodzi koma alonda ndi awiri. Wina ndi wa oyilo, wina ndi wa kutentha, ndipo onse amaliza belu lomwelo. Pa injini zakale za Mercury ndi Johnson kulira kosalekeza ndi kwa kutentha, kulira kodukizadukiza ndi kwa oyilo. Pa injini zina pali tinyali tiwiri, kena kali ndi chithunzi cha kachitini kothirira oyilo, kena chithunzi cha choyezera kutentha. Ngati kamadzi kasiya kapena kafooka, zimitsani, tukulani mwendo wa injini, muone timabowo tolowera madzi pamwamba pa pulopela. Kawirikawiri mupezapo jumbo ya pulasitiki kapena udzu wa m'madzi. Limenelo si vuto la oyilo.

Ngati madzi akutuluka bwino, zimitsanibe injini. Pali nthawi imodzi yokha imene mungapitirize. Ngati mwera wakula, mafunde akukwera, ndipo kuzimitsa injini kungagubuduze boti, moyo wa anthu ndiwo woyamba. Yendani pang'onopang'ono kulunjika gombe lapafupi, mukudziwa mumtima kuti mwina injiniyo mukuipha. Koma nyanja ikakhala bata palibe chowiringula. Nkhafi zilipo, ndipo boti lililonse liyenera kuyenda nazo.

Kuyeza oyilo wa 4T

Imikani injini chilili, osapendekera. Dikirani mphindi 5 kapena 10 kuti oyilo yense atsikire pansi. Solani kandodo koyezera, kapukuteni ndi nsanza yoyera, kabwezereni, kasoleninso. Pa kandodoko pali zizindikiro ziwiri. Oyilo akhale pakati pa ziwirizo. Mukayeza injini ili chopendekera, kandodo kadzakunamizani.

Ngati oyilo ali pansi pa chizindikiro cha m'munsi, mlonda wanena zoona. Thirani oyilo pang'onopang'ono mukuyeza, ndipo funsani kuti oyilo wakaleyo wapita kuti. Yang'anani pansi pa chivundikiro, pa sefa ndi pa bawuti yokhutulira. Yang'ananinso pamadzi ngati pali mafuta onyezimira. Injini ya 4T ikagonekedwa kumbali yolakwika poinyamula, oyilo amathawira kumene sayenera kupita. Mbali yogonekera inalembedwa m'buku lake, ndipo pa injini zina pali chithunzi pa thupi pomwepo.

Musangoona kuchuluka kokha. Onaninso maonekedwe, ndipo nunkhizani. Oyilo woyera ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Oyilo amene wakwera kupitirira chizindikiro chapamwamba popanda munthu wothira, ndipo akununkha petulo, ndiye kuti petulo akutsikira m'oyilo. Zimenezi zimachitika pa injini imene imakhala nthawi yaitali ikulira pang'onopang'ono osatentha mokwanira. Mwini amasekera kuti injini yake siidya oyilo, pamene oyiloyo wasanduka wamadzimadzi ndipo sangathe kukankha bwino. Oyilo wotere akhutulidwe, sefa isinthidwe, ndipo chimene chikulowetsa madzi kapena petulo chipezeke. Oyilo wakuthayo musakhutulire m'nyanja kapena pamchenga. Ndi madzi omwewo amene timamwa.

Nthawi imene belu limalira imatiuzanso kanthu. Belu lolira boti likagunda funde, kenaka n'kusiya, kawirikawiri ndi waya wogwedera kapena oyilo wochepa amene akukhavukira uku ndi uku. Belu lolira injini ikatentha ndipo ikulira pang'onopang'ono, koma n'kusiya mukawonjezera moto, limenelo muliope. Nthawi zambiri ndiye kuti puresha yachepadi.

Kufufuza waya

Tinene kuti oyilo ndi wokwanira, ndi wabwino, madzi akutuluka, koma belu likulirabe. Tsopano ntchito ndi ya pagombe. Injini ya boti isalire pouma ngakhale pang'ono, pakuti kampira kopopa madzi kamapsa msanga. Ikhale pa boti m'madzi, kapena mwendo wake ukhale mu mgolo wa madzi. Giya ikhale yochotsa. Fodya akhale kutali. Chivundikiro chikachoka, gudumu la pamwamba pa injini limazungulira poyera, tsono malaya olendewera, kapulana ndi ana zisayandikire.

Yambani ndi maso. Tsatani waya kuchokera pa sensa mpaka kumene akupita. Chinyontho chimadya polumikizira mawaya, ndipo pamakhala nguwe yobiriwira kapena yoyera. Palani ndi sanipepa, pukutani, mangitsani. Fufuzani pamene waya akukhudza chitsulo. Injini imanjenjemera tsiku lonse, khungu la waya limaperepeseka, ndipo waya wamaliseche akakhudza thupi la injini belu limalira ngati kuti sensa ndiyo yalamula. Makoswe a m'nyumba yosungira maukonde nawonso amakonda khungu la waya. Onaninso sensa yeniyeniyo. Ngati oyilo akutuluka pamene pamangidwa waya, kachikopa ka mkati kang'ambika, ndipo sensayo yatha.

Kenaka chotsani waya pa sensa, mukulunge kumutu kwake ndi pulasitiki kuti asakhudze chitsulo. Lizani injini pang'onopang'ono kwa kanthawi kochepa chabe. Belu likapitiriza kulira, sensa ilibe mlandu, pakuti siili pa waya. Vuto lili pa waya woperepeseka, pa mlonda wa kutentha, kapena m'kabokosi ka magetsi.

Nanga belu likasiya? Apa ndi pamene pali msampha, ndipo amakanika ena amakodwa. Amati: "Mwaona, ndachotsa waya, belu lasiya. Sensa ndi yakufa." Ayi. Belu lasiya chifukwa mwachotsa pakamwa pa mlonda. Sensa yabwino imene ikumva kuti puresha yachepa, ndi sensa yowonongeka imene ikunama, zonse ziwiri zimakhala chete waya akachoka. Kuyesa kumeneku kwatiuza kuti waya ali bwino. Sikunatiuze kuti injini ili bwino.

Kuyesa sensa ndi babu la tochi

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi agwiritse ntchito mita. Amene alibe akhoza kupanga choyesera ndi babu la tochi, mabatire awiri a tochi ndi timawaya tiwiri. Lumikizani kuti nsonga ziwiri za timawaya zikakhudzana babu liziyaka. Waya wa injini ali chochotsa, gwiritsani nsonga imodzi pamutu pa sensa, ina pa chitsulo choyera cha thupi la injini.

Injini ili yozima, babu liyake. Likapanda kuyaka, sensa yafa chogona, ndipo siidzakuwa ngakhale oyilo atatheratu. Injini ikalira, babu lizime pa masekondi ochepa. Likazima, sensa ikugwira ntchito pa nthawi imeneyo. Likapitiriza kuyaka, zimitsani injini msanga, pakuti tabwerera pa funso lija: kaya sensa ikunama, kaya puresha palibedi.

Kuyesa kumeneku ndi kwa sensa ya waya mmodzi. Injini zazikulu zatsopano zili ndi sensa ya mawaya atatu imene imalandira mavoti 5 kuchokera m'kabokosi ka magetsi. Imeneyo musaiyese ndi mabatire. Ndi ntchito ya makanika wokhala ndi mita ndi buku.

Mboni yomaliza ndi geji

Mlandu wa sensa ndi injini umatha ndi mboni imodzi yokha, geji ya muvi yoyezera puresha. Makanika amamasula sensa, namanga geji pa bowo lomwelo. Amaliza injini mpaka itatentha, nawerenga muvi injini ikulira pang'onopang'ono, nawerenganso atawonjezera moto. Nambala zimenezo amazifananitsa ndi za m'buku la injiniyo, pakuti injini iliyonse ili ndi nambala zake. Kuyeza injini yozizira sikukwanira, chifukwa oyilo wozizira ndi wolimba ndipo amakankha bwino ngakhale m'injini yakutha.

Muvi ukaonetsa puresha yabwino, mlonda wapezeka wabodza, ndipo asinthidwe. Muvi ukakhala pansi, mlonda wapulumutsa injini yanu. Vuto likhoza kukhala kasefa ka pansi kotsekeka ndi zinyalala, pampu yakutha, kavavu kogwira, kapena mabelingi odyeka. Injiniyo isapite panyanja mpaka itatsegulidwa.

Geji si chida cha munthu mmodzi. Msodzi mmodzi angaifune kamodzi pa zaka ziwiri. Koma koperativa kapena gulu la pagombe likagula geji imodzi ndi mita imodzi, n'kuzisungitsa kwa munthu wodziwika, maboti onse apindula. Maganizo athu ndi akuti pamsonkhano wa gulu nkhani imeneyi iyambe kukambidwa isanakambidwe ya penti wa maboti.

Pogula sensa yatsopano ku Lichinga, ku Tete kapena ku Nampula, lembani papepala dzina la injini, akavalo ake ndi nambala imene ili pa kachitsulo kokhomedwa pa chokolekera. Tengani ndi sensa yakale yomwe. Sensa ya galimoto ikhoza kulowa pa bowolo, koma mwina imakuwa pa puresha ina, ndiponso mazinga a injini za ku Japan ndi a injini za ku America amasiyana pang'ono ngakhale amaoneka ofanana. Pomanga yambani ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Musamange ngati mukumanga gudumu la ngolo. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, ndipo likang'aluka mwawononga chinthu chachikulu chifukwa cha kanthu kakang'ono. Musakulunge tepi wambiri pa mazinga, pakuti magetsi a sensa ya waya mmodzi amadutsa pa mazinga pomwepo.

Kachoyandama ka 2T

Pa injini ya 2T ya kathanki ntchito ndi yopepukirapo, chifukwa oyilo amaoneka ndi maso. Kathanki kakakhala kodzaza koma belu la oyilo likulira, kawirikawiri mlandu ndi wa kachoyandama. Kakakalamba kamamwa oyilo n'kulemera, ndipo kamamira. Pena kamaginito kamamatuka n'kugwera pansi pamene kachoyandama kali pamwamba. Pena pansi pa kathanki padzaza madzi ndi phala la zinyalala, kachoyandama n'kumatirira momwemo. Phala limeneli limabwera ndi madzi olowera pa chitsekero, ndiponso ndi kusakaniza mitundu ya oyilo yosagwirizana.

Solani kandodo ka sensa mosamala. Kwezani ndi kutsitsa kachoyandama ndi chala, mita kapena babu zili pa mawaya ake. Magetsi ayenera kusintha kachoyandama kakakwera ndi kutsika. Kenaka kaikeni m'chitini cha oyilo yemweyo, muone ngati kakuyandama. Musakayese m'madzi, pakuti madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndipo kachoyandama kakutha kakhoza kuyandama m'madzi koma n'kumira m'oyilo. Tsukani kathanki ndi kasefa kake. Pa injini zina kachoyandama kanatsekeredwa mkati, ndipo kakafa pamafunika kathanki kena.

Tanena kale kuti mlonda uyu saona zimene zikuchitika kupitirira kathanki. Tsono maso anu athandize. Jambulani mzere pa kathanki pamene oyilo walekezera. Mukayenda maola angapo oyilo ayenera kutsika pansi pa mzerewo. Akapanda kutsika, injini ikuyenda youma ngakhale belu lili chete. Onani timapaipi ta oyilo. Mukakhala thovu la mpweya, kapena taumirira n'kung'aluka, oyilo sakufika. Onaninso kachitsulo kolumikiza kapampu ndi kabuleta ngati sikanaguluke.

Injini za Johnson ndi Evinrude zinayamba kubwera ndi pampu yosakaniza yokha, yotchedwa VRO, m'chaka cha 1984. Injini za Evinrude zinaleka kupangidwa mu 2020, ndipo eni ake ambiri a injini zakale zotere anachotsa kathanki n'kuyamba kusakaniza okha. Zimenezi n'zotheka pa injini ya kabuleta, makanika akatseka bwino njira zonse za oyilo. Koma pali ngozi ina. Boti la gulu limayendetsedwa ndi anthu angapo. Wina amene sanamve adzathira petulo yekhayekha monga anazolowera, ndipo palibe belu limene lidzamuchenjeze. Tengani penti, mulembe pa thanki ndi pa chivundikiro malemba akuluakulu: SAKANIZANI OYILO.

Mlonda wogona

Takamba zambiri za mlonda wokuwa pachabe. Woopsa kwambiri ndi wogona, chifukwa savutitsa munthu, ndipo palibe amene amamufufuza. Pa injini zambiri, mukatembenuza kiyi kapena kukoka chingwe, kanyali kamayaka kanthawi kapena belu limalira kamodzi, kenaka n'kusiya. Kumeneko ndi kuyankha moni kwa mlonda m'mawa. Tsiku limene sanayankhe, fufuzani babu, belu, waya ndi sensa musanapite kutali. Mukagula injini yogwirapo kale ntchito, yambani mwaona ngati mwini wakale sanadule waya n'kumubisa.

Alimi a kudimba, nkhani iyi ndi yanunso. Injini zambiri za mapampu othirira ndi majenereta, monga za Honda GX, zili ndi kachoyandama m'mimba mwake kamene kamazimitsa injini oyilo akachepa. Pampu ikaikidwa pamalo otsetsereka m'mbali mwa mtsinje, oyilo amathawira kumodzi, ndipo injini imakana kulira. Salazani malo, yezani oyilo, waya mumusiye.

Malemba a pa botolo ndi kope la injini

Oyilo wa 2T wa injini za m'madzi amalembedwa TC-W3 pa botolo. Wa 4T amalembedwa FC-W, ndi nambala zonga 10W-30 kapena 10W-40. Tiwerenge malemba amenewa tokha tisanapereke ndalama, pakuti mabotolo amafanana, ndipo oyilo wogulitsidwa m'botolo la fanta alibe dzina. Injini ya 4T yatsopano imasinthidwa oyilo ikagwira maola 20 oyamba, kenaka maola 100 alionse. Maola amenewa sasungika m'mutu. Boti lililonse likhale ndi kope, ndipo woyendetsa alembemo tsiku, maola amene wayenda, oyilo amene wathira, ndi nthawi imene belu linalira. Makanika akaona kope limeneli amayamba ntchito akudziwa kale koyang'ana.

Masamu a kusakaniza

Ngati injini yanu ndi ya 2T ya kabuleta, ndipo mukukayika kapampu kapena mlonda wake muli kutali ndi makanika, sakanizani oyilo m'thanki ya petulo. Mukatero injini ilandira oyilo ngakhale kapampu katafa. Ngati kapampu kali moyo, utsi uchuluka ndipo mapulagi ada msanga, koma injini ifika kwanu yamoyo. Njira imeneyi siigwira pa injini ya 4T. Oyilo wa m'petulo safika pa mabelingi ake. Siigwiranso pa injini za 2T zatsopano zopanda kabuleta.

Mulingo wa injini zambiri ndi 50:1, kutanthauza magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. Injini yatsopano pa maola 10 oyamba imafuna 25:1, ndiye kuti oyilo wowirikiza kawiri. Zilipo zina zimene buku lake limanena mulingo wina, ndipo buku ndilo lotsata. Lita imodzi ili ndi mamililita 1000. Tikagawa 1000 ndi 50 tipeza 20. Chotero lita iliyonse ya petulo ifuna mamililita 20 a oyilo. Malita 5 afuna 100. Malita 10 afuna 200. Thanki ya malita 25 ifuna 500, ndiye theka la lita. Yambani kuthira oyilo ndi petulo pang'ono, khutchumulani, kenaka thirani petulo wotsalayo n'kukhutchumulanso.

Tsopano tengani makope. Gulu la asodzi lagula malita 12 a petulo m'thanki yaing'ono ndi malita 24 m'thanki yaikulu. Lembani mamililita a oyilo amene afunika pa thanki iliyonse pa mulingo wa 50:1. Kenaka werengani ngati botolo limodzi la lita likwanira matanki onse awiri injini ikakhala yatsopano.